Khoswe wa Pamkhate: Momwe Zeleza Analembera Mantha

Buku la Paul Tiyambe Zeleza lotchedwa Smouldering Charcoal limakamba za dziko lolamulidwa ndi munthu mmodzi, dziko la ndende zodzaza ndi anthu osowa mosadziwika bwino. Koma mukatsegula tsamba loyamba simupezamo msilikali, mfuti, kapena dzina la wolamulayo. Mupezamo khoswe. Mchere, bambo wogwira ntchito pa kampani yophika buledi, wadzidzimuka m'mawa, ndipo kanyama kameneka kakumusowetsa mtendere m'kanyumba kake ka lendi m'dera la Njala. Akulimbana nako ndi ukali wonse wa munthu wamkulu, iko n'kumangomuzemba. Wowerenga amayamba ndi kuseka, koma phwete lake silipita patali, chifukwa amazindikira msanga kuti ukali wonsewu khoswe sangaukwanire. Uyu ndi munthu wa adani ambiri oti sangawatchule pakamwa, ndiye wapeza mmodzi yekha amene angamuthamangitse popanda kumangidwa.

Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamugenda, uswa mkhate wako womwe. Ine ndimaona kuti luso lonse la bukuli lagona pa kumvetsa mwambi umenewu. Zeleza anadziwa kuti ulamuliro wankhanza suthera ku nyumba ya boma. Umalowa m'makomo mwa anthu n'kukakhala pa zinthu zimene iwo amazikonda koposa: pa ukwati, pa mwana wodwala, pa ntchito yopezera ufa, pa ubwenzi woyambira ku sukulu. Wofuna kuumenya amayamba waswa zake. N'chifukwa chake mantha a m'bukuli amamugwira wowerenga m'mimba, mosiyana ndi nkhani za ndale zimene munthu amamva pa wailesi kwinaku akudya nsima.

Zeleza anabadwa mu 1955 ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kwa makolo a ku Malawi, monga ana ambiri a anthu amene anapita ku Rhodesia kukasaka ntchito. Anaphunzira ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970, Kamuzu Banda atangokhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971, pamene lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linkachititsa mlembi aliyense kuyeza liwu asanalilembe. Nkhani zake zifupizifupi zoyamba, Night of Darkness and Other Stories, zinatuluka mu 1976. Kenaka anapita ku London ndi ku Canada kukazama pa maphunziro a mbiri yakale, ndipo Smouldering Charcoal inasindikizidwa ndi a Heinemann mu 1992. Alakatuli amene anatsala kumudzi, monga Jack Mapanje ndi Steve Chimombo, ankabisa mawu awo m'mikuluwiko, mwa bilimankhwe ndi mwa Napolo, ndipo ngakhale zinali choncho Mapanje anakatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaimbidwa mlandu kukhoti. Zeleza, pokhala kunja, anali ndi ufulu wotchula chilichonse. Ndi ufulu wonsewo, anasankha kusatchula dzina la dziko ngakhale la wolamulira.

Wolamulirayo m'buku lonse amangodziwika kuti Mtsogoleri. Mlembi satilowetsa m'mutu mwake kapena kutikhazika naye patebulo. Timamudziwa poona zimene dzina lake limachititsa anthu ena: anyamata a chipani ofunsa makadi, amayi okokedwa kukayeserera magule, ogwira ntchito ku nyuzipepala amene amawerenga nkhani iliyonse ndi diso la munthu woopa kugona kupolisi. Apa Zeleza analondola ndendende momwe zinthu zinkakhalira. Ndi Amalawi angati amene anayankhulanapo ndi Ngwazi maso ndi maso? Ambiri anakumana nayo kudzera mwa mwana wa mnansi wawo, atavala malaya ofiira, ataima pachipata cha msika. Mlembi wosakhwima akanatijambulira chilombo cha mano akuthwa chili pampando, ife mitima n'kukhala pansi poganiza kuti choipa chonse chinali mwa munthu mmodzi, kutali ku Sanjika. Zeleza sanatipatse mpumulo umenewo. Anasiya mpando wopanda nkhope, natitembenuzira maso kwa anthu amene ankaunyamula pamapewa.

Wowerenga wa kuno ku Limbuli, ku Mulanje, safunika womumasulira zimenezi. Pamsika wa pano, umene umadzaza ndi chimanga, nandolo ndi chinangwa chodutsa pa Muloza kuchokera ku Milange, pali akuluakulu amene akukumbukira nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi ya chipani, ndipo mayi woyembekezera ankakakamizidwa kugulira khadi mwana amene sanabadwe. Mboni za Yehova, zimene zinaletsedwa mu 1967, zinakana kugula makadiwo, ndipo nkhanza za mu 1972 zinathamangitsa anthu zikwizikwi, ena ku Sinda Misale ku Zambia, ena kulowera ku Mozambique, kuphatikizapo ku Milange kutsidya kwathu kuno. Mu 1986, nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itafika ku Milange, anthu anawolokanso malire omwewo chobwera kuno, mitolo ili pamutu. Choncho pamene anthu a m'buku la Zeleza akukathera kutsidya kwa malire ngati othawa kwawo, wa ku Limbuli amaudziwa ulendowo mbali zonse ziwiri.

Luso lina lili pa kamangidwe ka nkhani. Bukuli lili ndi zigawo zitatu, ndipo limayamba ndi kuyenda mosinthanasinthana pakati pa makomo awiri osadziwana. Khomo lina ndi la Mchere, mkazi wake Nambe amene ali ndi pakati, ana, ndi agogo, onse m'kanyumba kamodzi, ndalama zosakwanira mwezi. Khomo lina ndi la Chola, mtolankhani wa nyuzipepala ya Daily Dispatch, wophunzira kunja, wa galimoto yake, ndi bwenzi lake Catherine wa ku yunivesite. Mutu uno tili ku Njala, mutu winawo tili kumayadi. Wowerenga amayembekeza kuti akachoka kwa Mchere akapumako kwa Chola, koma amakapeza mantha omwe aja atangosintha malaya. Mchere amaopa mwini nyumba, bwana, ndi mapeto a mwezi. Chola amaopa chiganizo chimene wangolemba kumene, ndi khutu la mnzake wa pa desiki yoyandikana. Wosauka akuvutika ndi zimene alibe, wophunzira akuvutika ndi zimene akudziwa. Mnzake wa Chola, loya wotchedwa Dambo, akapezeka atafa, Chola amasanduka munthu amene ntchito yake ndi kuuza dziko zimene zachitika koma sangalembe choona chimene chamukhudza koposa. Amene anamva mu Meyi 1983 kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza amaudziwa chete wamtundu umenewo. Aliyense ankadziwa, aliyense ankadziwanso kuti mnzake akudziwa, koma pamudzi panali zii.

Makomo awiriwa sakumana pa msonkhano wa ndale ayi. Amakumana chifukwa cha mwana. Ntolo, mwana wa Mchere, wapita ndi anzake kutchire kukafuna zipatso, njuchi zamuluma, wavulala koopsa. Bambo ake akumunyamula kufunafuna chomufikitsa kuchipatala, ndipo galimoto imene imaima ndi ya Chola. Pamenepa ndi pamene ine ndimamuvulira chipewa Zeleza. Mwanayu sanamenyedwe ndi apolisi, ndipo njuchi sizidziwa chipani. Ngozi yake ingagwere mwana aliyense wokwera mtengo wa mango ku Mulanje kuno. Koma ngozi wambayi ndi imene imavundukula dziko lonse: kusowa kwa chokwera, kudikira kwa kuchipatala, kuuma mtima kwa anthu amene apatsidwa kaudindo kakang'ono. Ndipo zonsezi zikugwa pa nthawi imene anzake a Mchere akonza sitalaka kuntchito. Akapita ku sitalaka wasiya mwana, akakhala ndi mwana aoneka ngati wagulitsa anzake. Palibe mbali imene angagende popanda kuswa chake.

Zochitika za masiku ochepa chabe Zeleza amazipatsa malo aakulu, chifukwa amadziwa kuti mantha amakula pa kudikira. Munthu womenyedwa amamva ululu n'kutha, koma wodikira kumenyedwa amafa kangapo tsiku limodzi. Komanso mlembiyu saunjika zonse zimene akudziwa. Wothyola tiyi waluso m'minda ya Limbuli kapena ya Lujeri sathyola nthambi yonse, amatenga masamba awiri ndi kansonga, poti kukoma konse kwa chitsamba kuli momwemo. Zeleza amathyola chimodzimodzi. Pa nkhanza zonse za zaka makumi atatu amasankhapo khoswe, khadi, mwana wotupa ndi mbola za njuchi, ndi mayi wotopa woitanidwa kukavina, zotsalazo wowerenga amadzazamo yekha ndi zimene anamva kwa makolo ake.

Luso lolemba mantha lili ndi akatswiri ake kumaiko ena, ndipo kumuika Zeleza pambali pa mmodzi wa iwo kumaonetsa bwino chimene iye anachita mwa yekha. Dziko la Czechoslovakia linalawa maulamuliro awiri opondereza motsatizana: wa Hitler kuyambira 1939 mpaka 1945, ndi wa chipani chimodzi cha Komyunizimu kuyambira 1948 mpaka 1989. Kumeneko kunali mlembi Ladislav Fuks, amene anabadwa mu 1923 namwalira mu 1994. Buku lake la mu 1963, Pan Theodor Mundstock, limakamba za Myuda wina wa mumzinda wa Prague amene akudikira kalata yomuitana ku sitima yopita ku misasa ya imfa. Kudikirako kwamusokoneza mutu mpaka amacheza ndi chithunzithunzi chake ngati munthu. Kenaka amapeza nzeru yoti ayeserere zonse pasadakhale. Amadziphunzitsa kunyamula sutikesi yolemera, kugona pa thabwa, kupirira kumenyedwa. Fuks amalongosola kukonzekaku mwatsatanetsatane moti wowerenga amayamba kukhulupirira limodzi naye kuti mwina njirayi ithandiza. Tsiku lenilenilo litakwana, galimoto ya asilikali a Germany imamugunda pamsewu asanakwere n'komwe sitimayo.

Buku lina la Fuks, Spalovač mrtvol, la mu 1967, limatilowetsa m'mutu mwa woipa mwiniwake. Karel Kopfrkingl amagwira ntchito yotentha mitembo. Ndi bambo wa ulemu, samwa mowa, sasuta fodya, amakonda nyimbo, amatchula mkazi wake ndi mayina achikondi. Mnzake wakale amamunong'oneza kuti m'thupi mwake muli magazi a Chijeremani pamene mkazi wake ali ndi magazi a Chiyuda, ndipo olamulira atsopano ali ndi mpando womuyenera. Pang'ono ndi pang'ono bamboyu amafika popha mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna, akudziuza kuti akuwapulumutsa ku mavuto, mawu ake ali ofewa monga analili pa tsamba loyamba. Fuks amabwereza mawu okoma omwewomwewo mpaka wowerenga amabanika. Juraj Herz anapanga filimu ya bukuli imene inatuluka mu 1969, ndipo pambuyo pake inachotsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu, ulamuliro utalimbanso akasinja a Soviet Union atalowa m'dzikomo mu Ogasiti 1968.

Alembi awiriwa akugwirizana pa chinthu chimodzi chachikulu. Onse sanaike wolamulira pabwalo, chifukwa anazindikira kuti nkhanza za boma zimayenda ndi miyendo ya anthu wamba, zimagwira ndi manja a kalaliki, mlonda, mphunzitsi ndi tcheyamani wa nthambi. Koma akusiyana pa malo amene anaikapo wowerenga. Fuks amakutsekera m'mutu mwa munthu mmodzi n'kukhoma chitseko. Ku Njala kulibe chitseko chotero. Anthu amatunga madzi pa mpopi umodzi, mkangano wa m'nyumba ino umamveka m'nyumba inayo, ndipo munthu sapeza n'komwe malo oti apengere payekha. Mantha a Zeleza amayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, pa mpopi, kubala, pa mzere wa kuchipatala. Pachifukwa chomwecho, populumukira pakenso ndi posiyana. Mundstock amakonzekera yekha nafa yekha. Mchere amayamba kuima mowongoka pokhapokha atamangidwa limodzi ndi anzake. Mlembi aliyense anajambula mantha molingana ndi momwe anthu a kwawo amakhalira, ndipo wathuyu sanabwereke nyumba ya wina.

Chimene chimandichititsa kumukhulupirira Zeleza n'choti ozunzidwa ake sanawayeretse. Mchere amamwa ndalama zimene zikanagula ndiwo, ali ndi mkazi wina kubala, ndipo ukali wake umatsikira pa Nambe. Mlembi samuikira kumbuyo, koma amatisonyeza njira imene chipongwe chimadutsa: kuchoka kwa bwana kufika kwa wantchito, kuchoka kwa wantchito kufika kwa mkazi wake, mpaka kukathera kwa ana. Amene ali pansi penipeni pa mulu umenewu ndi amayi, ndipo Zeleza amakhala nawo nthawi yaitali. Amuna awo atamangidwa, iwo ndi amene amatsala ndi chilango chosalembedwa m'lamulo lililonse. Catherine amataya malo ake ku yunivesite, ndipo mphunzitsi amene akanamuteteza amaona tsoka lake ngati mwayi wofuna thupi lake. Nambe amathamangitsidwa ku Njala, ndipo kumudzi amakapeza mkulu wa chipani wa maganizo omwewo. Amayi amene ankavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi n'kumatchedwa mbumba yake ankatamandidwa pa nsanja, koma bukuli limawatsatira akavula nsaluyo n'kubwerera kunyumba kopanda mchere. Ndipo moto weniweni wa m'bukuli amauyatsa ndi Nambe, mayi wosaphunzira amene sanawerengepo buku la ndale, pa tsiku limene kupirira kwake kwafika pamapeto.

M'ndende ndi momwe makomo awiri aja amasanduka limodzi. Chola, Mchere ndi anzake a sitalaka, ndi Ndatero, mphunzitsi wa ku yunivesite wolemba zisudzo, amagona pansi pamodzi, kudya mgaiwa umodzi. Zeleza sanama kuti ndende imafafaniza kusiyana kwa ophunzira ndi osaphunzira. Kukayikirana kulipo, kunyozana kulipo, ndipo akaidi ena amazunza akaidi anzawo kuti akondweretse oyang'anira. Umodzi umabwera movutikira, kudzera mu kunyanyala chakudya ndi mu kumenyedwa limodzi. Kenaka mlembi amachita chinthu chofuna kulimba mtima: amalola Chola kufera m'ndende. Munthu wophunzira, wodziwa kulemba, amene wowerenga ankayembekeza kuti ndiye adzatuluke n'kufotokoza zonse, ndi amene samatuluka. Zolemba zake zimatsala m'manja mwa wophika buledi uja, ndipo ndi iye amene amazitulutsa n'kuziwolotsa malire. Potero Zeleza akunena kuti mbiri ya nthawi ya mantha siingasungidwe ndi ophunzira okha. Wina alembe, wina anyamule, ndipo wonyamulayo akhoza kukhala munthu amene ankanyozeka pa tsamba loyamba.

Sizodabwitsa kuti mlembiyu anaika sitalaka pakati pa nkhani yake. Zeleza ndi katswiri wa mbiri ya antchito ndi chuma cha Africa, ndipo buku lake A Modern Economic History of Africa linapata mphoto ya Noma mu 1994. Amadziwa kuti mtengo wa buledi ndi malipiro a wophika buledi ndi ndale zenizeni. Koma maphunziro akewo sanawalole kulemetsa nkhani. Anawasungunula mwa anthu, moti wowerenga amamva njala ya Njala asanamve liwu lililonse la m'kalasi. Ndipo chaka chimene bukuli linatuluka, dziko linachita ngati likuliwerenga mokweza. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo kunyanyalako kunafalikira. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Zeleza sanali mlosi. Anangoyang'anitsitsa anthu ngati Mchere ndi Nambe, naona kuti chete wawo sunali kuvomereza.

Achinyamata ambiri anakumana ndi bukuli pokonzekera mayeso a MSCE, akuloweza mayina a anthu ndi mitu ya nkhani kuti akhoze. Ndi bwino kuti analiwerenga, koma bukuli ndi loyenera kuliwerenganso popanda mayeso kutsogolo, makamaka kwa amene akufuna kulemba. Ku Limbuli lero, munthu amene anathawira ku Milange chifukwa cha khadi, mayi amene anavina mpaka miyendo kutupa, ndi bambo amene anavala malaya ofiira n'kuima pachipata, amagula tomato pa benchi imodzi, ena ndi apongozi. Onsewa akukalamba, ndipo nkhani zawo zikudikira wozilemba m'chilankhulo chimene zinachitikira. Wolembayo adzafunika kuphunzira kwa Zeleza kuyamba ndi chinthu chaching'ono cha m'nyumba, kusayeretsa wozunzidwa, ndi kudekha pamene pali kudikira. Adzafunikanso kulimba mtima ngati Fuks kuti alowe m'mutu mwa mnyamata wa pachipata uja n'kumvetsera momwe ankadzilankhulira usiku, poti iyenso anali mwana wa munthu, ankapemphera Lamulungu, ndipo ankakhulupirira kuti akusunga mwambo. Mwana wobadwa pambuyo pa 1994 akamvetsa momwe munthu wabwinobwino amafikira pomenya mnansi wake chifukwa cha kapepala, adzatha kuzindikira msanga tsiku limene wina adzamupatse iyeyo malaya a mtundu uliwonse n'kumuuza kuti akaime pachipata.